Mchira wa noti

Lachiwiri lapitali ndinatuluka mu pulakatisi ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyimba besi, ndipo nthawi yonseyi ndinkati wosokoneza bandi yathu ndi mnzanga wa ng'oma. Kani ndinali ine.

Amene anandiphunzitsa anandisiyira lamulo limodzi basi: kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi) ikagunda, nawenso gunda. Pa makolasi a kutchalitchi zinkayenda ndithu. Titayamba reggae, kamenyedwe ka ng'oma kotchedwa one drop kanandiyalutsa. Mukamawerenga 1, 2, 3, 4, kick ndi rimu (m'mphepete mwa ng'oma yaing'ono) zimagwera limodzi pa 3, pa 1 pamangotsala hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo). Ine ndikaona dzenje limenelo ndinkalikwirira ndi manoti, kuopa kuti nyimbo igwa. Mnzangayo ankangondiponyera diso la m'mbali, osanena kanthu.

Tsikulo wa kiyibodi sanabwere, oyimba nawonso anachedwa, ndiye tinatsala awiri. Iye anati, "Aise, tagwira noti ya G yokhayo, usasunthe. Koma ndikamenya rimu, chingwe chako chikhale chitakhala kale chete." Tinapita choncho mwina mphindi 20. Poyamba zinkanditopetsa. Kenako ndinamva rimu yake ikulira poyera kwa nthawi yoyamba, ngati wina watsegula zenera.

Noti ili ndi mutu ndi mchira. Ine ndinkasamala mutu wokha, poyambira, mchira n'kumangolendewera mpaka kukaphimba zimene mnzanga akuchita. Manoti anga sanali olakwika, ngakhale nthawi yolowera inali bwinobwino. Ndinkangolephera kusiya. Chala chakumanzere chikafewa pang'ono pa fret (pamene umadinira chingwe) phokoso limafa, ndipo pamene lafera ndi pamene ng'oma zimapumira. Kuletsa noti nakonso ndi kuyimba, eti!

Nditafika kunyumba ndinamveranso The Wailers, bandi ya Bob Marley, khutu lili pa wa besi Aston "Family Man" Barrett ndi mng'ono wake Carlton wa ng'oma. Anthu amakonda kunena kuti ankamvana chifukwa anali a bere limodzi. Ine ndakana. Nanga Sly Dunbar wa ng'oma ndi Robbie Shakespeare wa besi anali pachibale? Ayi, koma anayenda limodzi kuchokera m'ma 1970 mpaka Robbie atamwalira mu 2021. Ndipo Robbie besi anaphunzira kwa Family Man yemweyo. Tamverani mmene a besi awiriwa amadulira manoti, nthawi zina n'kusiya 1 ali mbee.

Panopa ndikuuza aliyense: noti imodzi, anthu awiri, foni ikujambula pakati. Mukakhala nokha ikani metronome (kachipangizo kosunga liwiro) pa 70, izigunda pa 3 pokha. Kwa ine zimenezi zaposa mavidiyo onse a pa YouTube amene anandidyera mabandulo. Ma scale, zokwera ndi kutsika manoti zija, akhoza kudikira kaye, ndikunenetsa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi anga aja sananditchulireko zoletsa noti ngakhale tsiku limodzi. Miyezi yathunthu tinkangothamangitsa zala kukwera ndi kutsika. Mwina iwo zinawalowa m'magazi kalekale moti saona kuti n'zofunika kuzifotokoza, kaya. Ndiye nthawi nayo ilibe chisoni. Chipinda timalipira pa ola, theka limathera kwa oyimba akukangana za key, magetsi akathima basi tabalalika. Wa besi ndi wa ng'oma kupeza mpata wa awiri, mpaka wina ajombe.

Loweruka tili ndi ukwati, ndipo kumeneko anthu adzafuna manganje, zothamanga, zoperekera perekaniperekani. Sindikudziwa ngati chala chidzakumbuka kuletsa liwiro likakwera. Komanso Lamlungu kutchalitchi amamenya ng'oma ndi mkulu wina amene amakonda kutsogola pang'ono, pamene mnzangayu amatsalira dala. Mwina ndaphunzira besi, mwina ndangozolowera dzanja la munthu mmodzi. Sindinayesebe ndi wina aliyense.