Ku Chentcherere anandifunsa ngati ndinavinidwa

Lachinayi usiku. Dedza wazizira moti zala zikukana kugwira cholembera. Kope langa lojambulamo lili apa pamphasa, lotsegula pa tsamba la masana lija, ndipo mtima sukufuna kuti ndiliyang'ane.

Ku Chentcherere ndinapitira ntchito ya chaka chomaliza. Aphunzitsi anati patchuthi pano aliyense asankhe malo amodzi akwawo, awajambule mwanjira yoti woona chithunzicho adziwe chifukwa chake malowo ndi ofunika. Ine sindinavutike n'kuganiza komwe. Kwathu kuno kuli Chongoni, mapanga ndi matanthwe 127 a zojambula zakale, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo Chentcherere ndi amodzi mwa malo amenewa. Mumtima ndinkati malo otere amadziyankhulira okha, changa n'kukopera basi.

Ndiye ndinakhala pamwala, kope pamwendo. Zofiira zija, mizere ndi timikombero ta Akafula, zinafwifwa, umachita kutsinzinira diso kuti uzione. Zoyera n'zimene zimakugwira. Anazipaka ndi dothi loyera, ndipo ukayandikira umaona kuti chinadutsapo ndi chala cha munthu, osati burashi. Chimene ndinasankha chili ndi miyendo inayi yotambasuka ngati chikopa choyanika, ndi mchira. Pansi pa tsamba ndinalembapo kuti buluzi.

Sindinamve pamene agogo ena anafika. Ndinangomva mtolo wa nkhuni uli phi! kumbuyo kwanga. Anachotsa nkhata kumutu, n'kukhala pansi miyendo atawongola, akupuma.

"Mwaswera bwanji agogo?"

"Ndaswera, kaya iwe mwana wanga. Ukulemba chiyani pamenepo?"

Ndinawapatsa kope ndi manja awiri. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana pathanthwe, n'kubwereranso pakope. Ndinayamba kufotokoza, za kusukulu, za buluzi, za mmene ndikufunira kudzamukulitsa pansalu. Anandisiya ndimalize.

"Wakuuza ndani kuti ndi buluzi?"

Ndinakhala chete.

"Unavinidwa iwe?"

"Ayi agogo. Kwathu ndi a CCAP, ndinalangizidwa kutchalitchi."

"Oo." Anandibwezera kope. "Basi, lemba buluzi wakoyo."

Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri. Akanandikalipira ndikanapeza poyambira kudziteteza. Ananena ngati mmene umauzira mwana kuti apitirize masewera ake.

Kenaka anawonjezera pang'ono, maso ali pathanthwe. Anati iwo anavinidwira kumudzi, kuphangako anthu anali atasiya kale kupitako. Koma agogo awo ankati anamkungwi sankapaka zimenezi kuti pakongole. Ankaloza ndi chala, nyimbo ili mkati, namwali maso ali pansi. Ndinafunsa kuti nyimbo yake inkati chiyani. Anangopukusa mutu, akumwetulira, n'kuyamba kukonza nkhata.

Zoti zoyerazi zimakhudzana ndi chinamwali ndinali nditawerengapo kale ku laibulale, ndinayankhaponso pamayeso. Koma kuwerenga kuti pali mwambo wobisika ndi zina, kuima pamaso pa munthu amene akuudziwa ndipo sakuuza ndi zinanso. Ndinabadwira kuseri kwa phiri lomweli. Chichewa chimene amayankhula agogowo n'chimene ndinayamwa. Komabe paja ndinali mlendo, chimodzimodzi azungu obwera ndi makamera aja. Ulendo wonse wobwerera, ndili pakabaza mphepo ikundimenya kumaso, ndinali ndi mkwiyo wosadziwa mwini wake. Kwa agogowo ayi. Kwa amayi ayinso, iwo anandilera mmene anaonera kuti n'koyenera, ndipo malangizo a amayi a Chigwirizano aja ndimawasungabe.

Pali china chimene ndaiwala kulemba. Pathanthwe pomwepo pali mayina a anthu, ena a makala, ena ochita kukanda ndi mwala, ena pamwamba penipeni pa zojambula. Nthawi zonse ndikawaona magazi amawira. Agogo asananyamuke ndinawalozera, ndikuyembekeza kuti tidandaulira limodzi. Iwo anangoti, "Ana asukulu amenewo. Nawonso akufuna zidziwike kuti anafika." Mpaka pano sindikugwirizana nawo, kuwononga n'kuwononga, zimene zafufutika sizidzabweranso. Koma mawuwo andikhala pakhosi, chifukwa inenso pakona pa chinsalu changa ndikanalemba dzina langa, pansi pa chinthu chimene sindikudziwa ngakhale dzina lake.

Kusukulu timakonda kukamba za luso ngati chinthu chotuluka m'mutu mwa munthu mmodzi, chatsopano, chosaonekapo. Amayi amene anapaka dothi lija palibe anasiya dzina, ndipo ankabwereza maonekedwe omwewo phanga ndi phanga. Akanakhala m'kalasi mwathu mwina tikanati akukopera. Koma chawocho chinali ndi ntchito, chinkagwira mtsikana pamtima tsiku limene moyo wake ukusintha. Changachi mizere yake yalondola bwinobwino, ndinayeza ndi pensulo kangapo. Chilibe nyimbo.

Ndaganizapo zojambula agogowo m'malo mwake, msana wawo, mtolo uli pambali, thanthwe likungooneka pang'ono kutsogolo kwawo. Koma sindinawapemphe, ndipo mudzi wawo sindinafunse.

Azakhali a ku Linthipe anavinidwa, asanalowe mpingo. Loweruka amabwera kudzagula mbatata ya kachewere. Ndikhoza kuwakokera kuseri kwa khitchini n'kuwaonetsa tsambali. Kaya angandiuze. Ndipo atati andiuza, kaya ndingakapachike zimenezo pakhoma, anyamata a m'kalasi mwathu akudutsa n'kumaloza.