Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Makalata a m'sutikesi ya malume

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa maliro a malume aakulu, amene anali mwini mbumba wathu kwathu ku Dedza, kufupi ndi mtsinje wa Linthipe. Tsiku logawa katundu wa malemu ena anatenga njinga, ena makasu ndi wailesi. Ine amayi anandikankhira sutikesi yachitsulo yadzimbiri, nati, "Iwe ndiwe unapita kusukulu, tenga mapepalawa, uziona wekha chochita nawo."

Ife ndife alimi kuchokera kale, ndipo tilipo ambiri. Pamaliro pathu munthu umapereka moni mpaka dzanja kutopa, koma ukafunsa kuti uyu ndi uyo ubale wawo uli pati, yankho limangokhala lakuti "ndife amodzi." Zimenezi zinkandivuta kuyambira ndili mwana.

M'sutikesimo munali malisiti a msonkho, makadi a kalasi ndi a ubatizo, malisiti a fodya a Farmers Marketing Board, ija inalowedwa m'malo ndi ADMARC mu 1971, ndi mtolo wa makalata womangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Mphirayo inali itamatirira pa envelopu yapamwamba, ndipo njenjete zinali zitadya m'mphepete, penapake ndendende pamene panali tsiku. Choncho ndinayamba ndi kusanja. Sitampa ya mutu wa Mfumu George VI inkandiuza kuti kalatayo ndi yakale ndithu, poti mfumuyo inamwalira mu 1952. Sitampa yolembedwa Rhodesia and Nyasaland ndi ya nthawi ya Chitaganya, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Lisiti lonena za mapaundi ndi masheleni ndi lakale kuposa 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinabwera. Ndinayala zonse pamkeka m'miulumiulu, n'kutsindira mulu uliwonse ndi mwala kuti mphepo isaulutse.

Makalata ambiri anali ochokera kwa munthu mmodzi, mlongo wawo wa agogo anga aakazi. Kwathu ankangotchedwa mchona. Tinakula tikumva kuti anapita ku Salisbury (lero Harare) kukafuna ntchito, monga ankachitira amuna ambiri a ku Nyasaland, ena pansi, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Rhodesia, ndipo atafika anaiwala kwawo. Mwana akamachedwa kubwera kuchigayo, akuluakulu ankamukalipira pomutchula dzina la munthu ameneyu.

Makalata aja ankanena zina. M'chaka cha njala ya 1949, ija inapha anthu makamaka kummwera koma nafenso osatisiya, mchona uja anatumiza ndalama, n'kulangiza kuti agule chimanga ndipo asagulitse mbuzi zonse. M'kalata ina ankafunsa ngati ngolo ija inagulidwa. Ngolo imeneyo ine ndinaikwerapo ndili wamng'ono, itathetheka kale, ikututa chimanga cha mbumba yonse, ndipo palibe anandiuzapo kuti inachokera m'thukuta la munthu amene tinkamunyoza. Usiku umenewo ndinalira. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu angathe kudyetsa mudzi, mudziwo n'kumukumbukira ndi chitonzo chokha.

Zolemba zake zinkasinthasintha, apa zopendekera, apa zazikuluzikulu za pensulo. Zikuoneka kuti ankalembetsa kwa anzake. Kumudzinso ankawerengetsa kwa aphunzitsi, anthu atakhala pabwalo. Kalata yotere simuikamo chinsinsi. Chimene mumaikamo ndi moni, ndipo moniwo ndiwo unakhala chuma changa. Kalata iliyonse inkatha ndi mndandanda wautali: moni kwa alongo ake, kuyambira wamkulu, aliyense ndi ana ake motsatana ndi kubadwa kwawo, kenako akamwini, pomalizira anyakwawa. Sankasokoneza ndondomeko imeneyi ngakhale kamodzi. Ndikaika makalata awiri pafupi, ndinkaona dzina latsopano litalowa kumapeto kwa ana a uje, n'kudziwa kuti pakati apa panabadwa mwana. Penanso dzina linkangosowa. Pa makalata olembedwa njala ija itatha, maina awiri a ana anasowa pamodzi.

Tizikumbukira kuti masiku amenewo boma silinkakakamiza anthu akuda kulembetsa mwana akabadwa. Ambirife chiphaso cha unzika tachigwira mu 2017. Ndiye moni wa m'kalata za munthu wosadziwa kulemba ndiwo unali kaundula wa banja lathu.

Komabe mapepala paokha sakanandifikitsa patali, chifukwa mapepala amakonda amuna. Lisiti la msonkho lili ndi dzina la mwamuna. Lisiti la fodya, mwamunanso. Koma kwa ife Achewa mwamunayo ndi mkamwini, anabwera kudzakwatira, ndipo banja likatha amanyamula kansalu kake n'kubwerera kwawo. Munda umatsala ndi mkazi ndi ana ake. Mzere weniweni wa banja umayenda m'mabele: bele lalikulu, lapakati, laling'ono. Amene angatsate maina a pamalisiti okha adzalemba mbiri ya alendo, eni mudzi n'kuwasiya panja.

N'chifukwa chake ndinanyamula kope langa n'kupita kwa agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo anga, amene anatsala okha mwa obadwa nawo. Maso anali atachita khungu koma mutu uli gwa. Ndinakhala pansi pakhonde iwo akutong'ola chimanga m'lichero, ine n'kumawerenga maina. Ndikatchula dzina, manja ankaima.

"Ameneyo ndi amake a uje, mdzukulu wanga. Limenelo ndi dzina la paubwana. Atavinidwa anawapatsa lina, atabatizidwa linanso."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti akazi atatu a m'kope langa anali munthu mmodzi. Zaka agogo sankaziwerenga ndi manambala. Ankati uyu anabadwa njala isanagwe, uyu chaka chimene anthu ankamangidwa, kunena 1959, uyu anakwatiwa chaka cha ndege ya Wenela, ija inagwa ku Francistown mu 1974, a Kamuzu n'kuletsa amuna kupita kumigodi ya ku Joni. Ine kwanga kunali kungoika nambala pambali.

M'mawa mwake anandituma ndi msuweni wanga kukayenda m'malire a minda. Mzere wa nsenjere, chulu, mitengo ya mango yakalekale, chilichonse chili ndi mwini wake woyamba. Minda ya bele lalikulu ili kufupi ndi dambo kumene kuli madimba, ya bele laling'ono ili kumtunda kwa miyala. Zimene moni wa m'makalata unkanena, nthaka inavomereza.

Kumpingo nako anandithandiza. Mpingo wathu uli pansi pa Sinodi ya Nkhoma, yomwe mizu yake ili ku Mvera kumene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889, asanatsegule Nkhoma mu 1896. Amishoniwo ankasunga mabuku mosamala, ndipo mlembi wa mpingo anandilola kuona buku lakale la ubatizo, mmene ndinapezamo agogo a amayi anga akubatizidwa ali kale ndi ana. Ku National Archives ku Zomba ndinapitako pambuyo pake. Kumeneko kuli zambiri za mafumu, misonkho ndi ulimi wa boma lonse, zothandiza kumvetsa nyengo imene makolo ankakhalamo. Koma wofuna maina a anthu ake ayambire kwa okalamba akadali moyo, pakuti mafaelo a ku Zomba adzawapezabe chaka chamawa.

Kalata yomaliza m'mtolo uja ili ndi sitampa ya Rhodesia yokha, Chitaganya chitatha. Mmenemo, kwa nthawi yoyamba, moni ukuchokeranso mbali inayo: mkazi wake ndi ana anayi akupereka moni kwa azakhali awo amene sanawaonepo. Akutchulanso kuti amapemphera ku CCAP ya ku Highfield, ku Salisbury komweko. Nditafunsa agogo aang'ono ngati kalatayi inayankhidwa, anati aphunzitsi owerenga aja anali atasamuka, ndipo malume anaiika m'sutikesi kudikira wina wodzalemba.

Mpingo umenewo lero uli pansi pa Sinodi ya Harare, ndipo maina a ana anayiwo ndinali nawo m'manja. Mmene ndinalembera kumeneko, ndi uthenga wa pa WhatsApp umene unandipeza ndili kumunda ndikupalira, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.