Kalavati Imodzi Yotsekeka, Msewu Watsekedwa Miyezi 18

Msewu wadothi umene wandidyera sabata inoyi watsekedwa kwa miyezi 18 tsopano, pa chiletso chimene lamulo limati n'cha miyezi 6. Uli kumpoto kwa England, ndipo pa Definitive Map ya khonsolo, mapu alamulo osonyeza njira zimene anthu ali ndi ufulu wodutsa, unalembedwa poyera kuti ndi byway open to all traffic, BOAT, njira yololedwa kwa onse kuphatikizapo magalimoto. Njinga yamoto yokhala ndi nambala, msonkho, MOT (chiphaso chakuti njingayo ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi ili ndi ufulu wodutsapo ngati mmene alili wapahatchi kapena woyenda pansi. Lachitatu tinakumana pamalopo: ife a gulu la okwera njinga zamoto, ofesala woona za njira ku khonsolo, akhansala a deralo, ndi mlimi amene munda wake uli kumtunda kwa msewuwo.

Pageti pali loko, ndipo pamwamba pa loko pali zidziwitso zitatu zokutidwa m'pulasitiki, china pamwamba pa chinzake, chapansicho inki yake itasungunuka kale ndi mvula. Chifukwa chimene analemba pa zonse zitatu ndi chimodzi: msewu ungawonongeke kwambiri ndi magalimoto.

Titatsika mpaka pamene msewu umalowa m'chidikha, ndinagwada kumtunda kwa kalavati yakale yamiyala, ngalande yodutsitsa madzi pansi pa msewu, n'kupisa mkono mpaka m'phewa. Munatuluka masamba owola, nthambi, thumba la feteleza, ndi chingwe chabuluu chomangira mabelo a udzu chitazengereza zonsezo pamodzi. Ndodo zotsegulira ngalande zinalowa mita imodzi yokha n'kuima. Kumunsi kwa kalavatiyo kunali gwa, ngakhale dontho. Madzi saiwala khwawa: atakanika kudutsa pansi, akwera pamwamba, ndipo akutsetsereka ndi msewuwo pafupifupi mamita 200 asanapeze potulukira. Amene mumagwira ntchitoyi mukudziwa zotsatira zake. Madzi oyenda motsata msewu amayamba akokolola fumbi ndi timiyala timene timamanga miyala ikuluikulu, miyalayo imatsala yogwedera, ndiye tayala lililonse lodutsa limaigudubuza. Kamzere kamasanduka ngalande, ngalande n'kusanduka chigwembe. Pamalo ena ndodo yoyezera inalowa masentimita 70.

Ndinatulutsa zithunzi zimene mamembala athu anajambula sabata imene geti inatsekedwa. Nthawi imeneyo malo omwewo anali osafika masentimita 30. Ndiye kuti kuwonongeka kwaposa kuwirikiza kawiri pa nthawi imene palibe njinga yathu ndi imodzi yomwe yaloledwa kudutsa. Mapazi a matayala amene anali m'matopemo anali a mano opingasa, mulifupi mwake theka la mita, a thirakitala. Sindikuwaimba mlandu alimiwo, chiletso chimawalola kudutsa kupita kumunda kwawo, ndipo iwo eni ananena pamaso pa tonse kuti kalavatiyo anaidandaula kangapo. Koma thirakitala yokoka ngolo imalemera matani ambiri, pamene njinga zimene ambiri athu amakwera sizipitirira makilogalamu 150, ndipo tayala lakumbuyo mulifupi mwake ndi masentimita 12 kapena 14.

"Bwana, kalavatiyi inayeretsedwa liti komaliza?" ndinafunsa.

Ofesalayo anayang'ana pansi. Anati alibe chikalata chosonyeza zimenezo. Kenako ananena chimene chandisowetsa tulo: lipoti lopempha kuti msewuwo utsekedwe mpaka kalekale kwa magalimoto onse oyenda ndi injini lalembedwa kale, likungodikira komiti. Akhansala anawonjezera kuti anthu a m'mudzimo atopa ndi phokoso. Palibe amene anatchula madzi amene tonse tinaimamo.

Mkwiyo wanga suli pa ofesala ameneyu. Ali yekha pa ntchito imene kale inali ya anthu atatu, malo awiriwo sanalembeponso munthu, ndipo ndalama zokonzera njira zimene amapatsidwa zimatha chaka chisanafike pakati. Mkwiyo wanga uli kwa akuluakulu amene anazindikira kuti loko ndi pepala n'zotchipa kuposa fosholo. Gawo 14 la Road Traffic Regulation Act 1984 limalola khonsolo kutseka msewu kwa kanthawi ngati pali ntchito yokonza, ngozi kwa anthu, kapena kuopa kuwonongeka kwakukulu. Gawo 15 limati pa BOAT chiletsocho chisapitirire miyezi 6, pokhapokha nduna yoona za mtengatenga itavomera kuwonjezera. Pa chiletso cha kanthawi palibe nthawi yotsutsa imene lamulo limapereka kwa ife. Ndiye amatseka, sakonza, amapempha kuwonjezera, sakonzanso, msewu n'kumaipirabe, ndipo pamapeto pake chigwembe chimene chakula chifukwa cha kulekerera kwawo ndicho chimakhala umboni woti msewuwo sungathe kupirira magalimoto.

Chimene chimawawa kwambiri n'chakuti ntchitoyo si yaikulu, ndipo tinadzipereka kuigwira ndi manja athu ndi ndalama zathu. Tinawalembera ndondomeko yonse miyezi 9 yapitayo. Choyamba ndi madzi: kutsegula kalavati, ndipo ngati yagwa mkati, kuikamo paipi yapulasitiki ya twinwall ya mamilimita 450, utali mamita 6, ndi khoma lamiyala kukamwa kwake konse kuwiri kuti dothi lisagwere. Ya mamilimita 225 ndi yotchipa koma pansi pa mitengo imatsekeka nyengo imodzi ya masamba. Kenako kukumbanso ngalande ya kumtunda, ndi kudula timingalande topingasa pamtsetse, mamita 20 kapena 30 aliwonse, topendekera kumunsi kuti madzi azichoka pamsewu asanapeze liwiro. Zikatero ndiye kudzaza chigwembe: nsalu ya geotextile pansi kuti miyala isamire m'dongo, miyala yoswa ikuluikulu yopanda fumbi, pamwamba pake Type 1, miyala yoswa yosakaniza ndi fumbi lake, yotsindiridwa ndi makina pang'onopang'ono, pakati pa msewu patakwera kuti madzi azigwera m'mbali. Makontirakita ambiri amalakwitsa poyamba ndi miyala. Amathira lole zingapo pamsewu umene madzi akuyendabe, mvula yamphamvu yoyamba n'kukokolola zonse kukaziunjika kumunsi, khonsolo n'kunena kuti tinayesa kukonza koma zinakanika. Ena amabweretsa miyala yobulungira ya kumtsinje, imene sigwirana ngakhale mutaitsindira bwanji.

Ndondomeko yathuyo, pamodzi ndi kalata ya inshuwalansi ndi chikalata chounika ngozi, ili pa desiki ya bwana wina kudikira siginecha.

Wina angafunse kuti msewu umodzi wa makilomita awiri tikuulimbikira chifukwa chiyani. Amene analipo mu 2006 sangafunse. Chaka chimenecho njira zonse zimene zinkatchedwa RUPP, road used as a public path, zinasanduka restricted byway, kumene injini siloledwa, ndipo gawo 67 la Natural Environment and Rural Communities Act linafafaniza ufulu wa magalimoto pa njira zimene zinali zisanalembedwe ngati BOAT, kupatula zochepa zimene lamulolo linazisiya. Ku England, pempho lofuna kuti njira ilembedwe ngati BOAT linayenera kukhala litaperekedwa 20 January 2005 isanafike kuti lipulumutse ufuluwo. Mu 2008, pa mlandu wa Winchester, Court of Appeal inagamula kuti pempholo liyenera kukhala lokwanira ndendende monga Wildlife and Countryside Act 1981 imanenera, mapu ndi makope a umboni zonse zilipo, ndipo mapempho ambiri anafera pomwepo. A Trail Riders Fellowship, bungwe la okwera njinga zamoto m'misewu yadothi, anachita kukafika ku Supreme Court mu 2015 pa mlandu wa Dorset kuti atsimikize kuti mapu okulitsidwa pa kompyuta kufika pa sikelo ya 1:25,000 ndi ovomerezeka. Nkhani ya sikelo ya mapu, mpaka kukhoti lalikulu kuposa onse. Kuchokera nthawi imeneyo, misewu yathu imangochepa, yatsopano sibadwa. Komanso misewuyi imalumikizana: ukatseka umodzi wapakati, okwera onse amathamangira iwiri yotsalayo, nayonso n'kuyamba kudyeka, madandaulo n'kusamukira kumeneko.

Sindingabise mbali yathu. Lolemba lonse linathera pa foni ndi anthu a mudzi wina okwiya ndi anyamata okwera njinga zopanda nambala, zotulutsa mkokomo chifukwa anachotsa chotsekereza phokoso mu ekizozi, amene akudutsa m'busa la nkhosa. Kumeneko ndi kuphwanya gawo 34 la Road Traffic Act 1988, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yolanda njingazo pa gawo 59 la Police Reform Act 2002. Ndinawathandiza kulemba tsiku, nthawi ndi malo kuti akapereke kupolisi. Anyamata amenewa si mamembala athu, ndipo chikwangwani cha chiletso sachiwerenga, chimangochotsa ife amene timaima, kuzimitsa injini hatchi ikamadutsa, kutseka geti, ndi kusapitirira mamailosi 25 pa ola. Koma kwa mayi amene nkhosa zawo zabalalika, chipewa cholimba ndi chipewa cholimba basi. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Tsiku lomwelo ndinalemberanso kalata yochenjeza membala wathu weniweni amene anajambulidwa akulambalala matope n'kukwera m'mbali mwa msewu. Njinga imawononga ndithu dothi likakhuta madzi, makamaka wokwera akamapotokola mafuta tayala n'kumazungulira pamalo amodzi, ndipo kulambalala chithaphwi ndiko kumakulitsa msewu wa mamita atatu kufika asanu ndi atatu. Chithunzi chimodzi choterocho chikafika ku komiti chimafafaniza ntchito ya chaka chathunthu.

Lachiwiri ndinali kosungira zikalata zakale, kufufuza msewu wina umene uli pa List of Streets, mndandanda wa misewu imene khonsolo iyenera kusamalira, koma suli pa Definitive Map. Mapu akale a misonkho, a tithe ndi a Finance Act 1910, akugwirizana, msewuwo sanaupake mtundu ngati gawo la munda wa munthu. Ndi umboni wabwino, koma zimenezo zidikire.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinabwerera ku kalavati. Kudandaula pakamwa kwakwana, tsopano tikulemba. Kalata yoyamba ndi ya Freedom of Information Act 2000, imene ayenera kuyankha m'masiku 20 ogwira ntchito. Tikufuna mbiri ya kuyendera ndi kukonza msewuwo, makalata onse amene anatumiza kwa nduna popempha kuwonjezera chiletso, ndi ntchito imene analonjeza m'makalatamo kuti agwira. Ngati anauza nduna kuti akukonza koma sanaponye fosholo, tikufuna zimenezo zioneke pa pepala lawo lomwe.

Yachiwiri ndi chidziwitso cha gawo 56 la Highways Act 1980. Gawo 41 limapatsa khonsolo udindo wosamalira msewu umene umasamalidwa ndi ndalama za boma, ndipo kusowa kwa ndalama sikufafaniza udindowo. Akalandira chidziwitsocho ali ndi mwezi umodzi woti avomere kapena akane kuti ndi msewu wa anthu onse ndiponso kuti osamalira ndi iwo. Akavomera, tili ndi miyezi 6 yopitira kwa majisitireti kukapempha lamulo loti akonze. Akakana kapena kukhala chete, nkhani imapita ku Crown Court. Anzanga ena amaopa njira imeneyi poti imawononga ubale ndi maofesala, ndipo ukaluza umalipira ndalama za mbali inayo. Zoona, n'chifukwa chake sitithamangira. Koma miyezi 18 ya ulemu yatibweretsera lipoti lotitsekera mpaka kalekale.

Chachitatu ndi kukonzekera chiletso chokhazikikacho chikalengezedwa. Masiku otsutsa akhoza kukhala 21 okha, ndipo chikasainidwa pamatsala masabata 6 opitira ku High Court. Mamembala ndawauza kuti aliyense alembe m'mawu ake. Makalata 300 ofanana akhoza kuwerengedwa ngati imodzi, pamene kalata ya munthu wonena kuti wakhala akudutsa msewuwo zaka zingati, amachokera kuti, amagula mafuta ndi chakudya pati, iyenera kuyankhidwa payokha. Tili ndi mamembala a magalimoto a 4x4 amene miyendo siwalolanso kukwera phiri, ndipo msewu umenewu ndi njira yokhayo yowafikitsa pamwamba. Amenewo alembe ndithu. Kutsutsa kwa gulu kudzatsamira pa gawo 122 la lamulo la 1984 lija, limene limafuna kuti khonsolo iyeze kuyenda bwino kwa magalimoto ndi zifukwa zake zotsekera, isanagamule. Tidzafunsa ngati anaganizirapo njira zopepukirapo: kutseka nyengo yamvula yokha kuyambira October mpaka April, kuika malire a kulemera kapena mulifupi, kuyendetsa mbali imodzi yotsetsereka kuti matayala asamakande pokwera, kapena ziphaso. Ifeyo tanena kale kuti chiletso cha nyengo yamvula tichivomera pa msewu umenewu, ndipo tidzachilengeza tokha kwa mamembala, bola madzi achotsedwe kaye. Komiti imene sinayang'ane njira zimenezi imakhala pachiswe kukhoti. Mu 2012 High Court inathetsa chiletso choyesera cha pa Chapel Gate ku Peak District, ndipo maloya a makhonsolo amaukumbukira mlanduwo.

Chidziwitso cha gawo 56 chinapita Lachisanu masana pa positi yosainira, ndi zithunzi 14 zokhala ndi masiku ake, chilichonse ndodo yoyezera ikuoneka. Alimi aja anaimba madzulo kunena kuti alemba kalata yawo yotsimikizira za kalavati, ndiponso kuti tsiku limene siginecha idzatuluke, makina awo okumbira ndi ngolo tidzagwiritsa ntchito ulere.