Timabotolo tiwiri pa tebulo

Lachitatu, Senga Bay. Mwera wavuta kuyambira m'bandakucha, asodzi ambiri sanalowe panyanja, mabwato angoti ndondondo pamchenga. Ife tinali m'holo, tsiku lachiwiri la maphunziro a chitetezo cha odwala: anamwino, azamba, ma clinical officer ndi awiri a ku pharmacy.

Mphunzitsi wathu, mayi wachikulire amene wakhala ku theatre zaka zambiri, anaika timabotolo tiwiri ta jakisoni pa tebulo, natseka makatani, nazimitsa magetsi. "Asisita, thamangani mutenge madzi osungunulira mankhwala, wodwala akudikira." Ndinadzuka, ndinatola kamodzi. Atayatsa, m'dzanja langa munali potassium chloride. Mankhwala amenewa akalowa mumtsempha osasungunulidwa amaimitsa mtima nthawi yomweyo.

Anzanga anaseka. Ine mtima unangoti phwii, chifukwa zinandichitikirapo zenizeni. Naiti ina ndili ndekha mu wodi, odwala atadzaza mpaka ena pansi, magetsi atazima, foni ndailuma pakamwa kuti tochi iunike, ndinakokera mankhwala omwewa mu sirinji. Ndinaona dzina pakabotolo nditagwira kale dzanja la wodwala. Sindinauze munthu aliyense. Ndinkaopa kulemberedwa lipoti, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadziyesa namwino wosasamala.

Lero ndamva kuti nkhaniyi ili ndi dzina, human factors. Tanthauzo lake n'kukonza zida, malo ndi ndondomeko za ntchito podziwa kuti munthu amatopa, amaiwala, ndipo akamaitanidwa uku ndi uku maganizo amabalalika. Mayi aja anatiuza za Alphonse Chapanis, katswiri wa ku America wa za maganizo a anthu. M'chaka cha 1943, oyendetsa ndege zankhondo za B-17 ku America ankazigwetsa potera, ndipo onse ankati vuto ndi oyendetsawo. Iye anapeza kuti chogwirira cha matayala ndi cha mapiko zinali zofanana, zoyandikananso. Anamangirira katayala ka labala pa cha matayala kuti dzanja lizichizindikira ngakhale osayang'ana, ngozi zija n'kutha. Yankho silinali kuchotsa anthu ntchito kapena kuwakalipira kuti "muzisamala". Ndinaganiza za kabati yathu, mmene timabotolo tija timakhalira bokosi limodzi chifukwa mashelefu ndi ochepa.

Masana tinawerenga mndandanda wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, wa 2008, wa mfundo 19 zofunsana pochita opaleshoni. Kenako tinayeserera: namwino wamng'ono auze dokotala wamkulu kuti akufuna kung'amba mwendo wolakwika. Mtsikana amene anasankhidwa anayamba ndi "pepani" katatu, mawu osamveka. Sindikumunena. Tinaleredwa kuti wamkulu sadulidwa mawu, ndipo ulemu umenewu ndimaukonda, koma ku theatre ukhoza kutayitsa munthu mwendo wabwinobwino. Anabwereza kasanu mpaka ananena molimba: "Adokotala, taimani kaye, fayilo ikunena wakumanzere."

Pa chakudya chamadzulo, chambo chili m'mbale, ndinafotokozera mzamba wina wa ku Nkhotakota za naiti ija, koyamba kuitchula pakamwa. Anakhala chete, kenako anati, "Amwali, inenso." Zake zinali za oxytocin, mankhwala othandiza chiberekero kukokana pobereka.

Ndaimbira kale asisita a in charge. Lolemba potassium chloride akuchoka m'bokosi lija, apita m'kabati yokhoma, ndipo selotepi yofiira ndigula ndekha mawa ku Kamuzu Road.