Za mafirizesi a alamu mu kompyuta, imvani kwa mwini wake

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka kwa anthu oti sitinalankhulanepo chichokereni ku sekondale, ndipo ena akuthiramo mchere wawo kuti ndinathira Sobo mu kompyuta ngati madzi mu radiator ya minibasi, bola ndinene ndekha. Sindinathire chilichonse ine. Ndinasanja. Kuthira ndi kusanja ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Munali mu October, dzuwa lija loti ukayang'ana phiri la Michiru limangooneka mbuu, ndipo boizi kota yomwe ndimakhala kwa achimwene ku Chilomoni ndi ya malata opanda siling'i, masana mumakhala ngati mu uvuni wa masikono. Mu uvuni momwemo ine ndikufuna kumenya gemu ya GTA V pa RX 580 yanga ya kaunjika, khadi ya mu kompyuta yomwe imatulutsa zithunzi pa sikirini. Amene simukuidziwa, khadi imeneyi inatuluka mu 2017 ndipo ikamagwira ntchito ndi mtima wonse imadya 185 watts, ndiye kuti mababu atatu akale aja a 60 akuyaka limodzi m'kabokosi kamodzi, ndipo magetsi onsewo mapeto ake amasanduka kutentha basi. Yangayo kaya inadutsa m'manja mwa anthu angati, wogulitsa anangoti "yagwira pang'ono aise", mawu omwe aja amanena ogulitsa magalimoto.

Ndinali nditaika MSI Afterburner kuti nambala ya kutentha izioneka pakona ya sikirini, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kusewera gemu, ndinkangoonerera nambala. Kuyatsa, 48. Kulowa mu gemu, 75. Ndisanabe ngakhale galimoto imodzi, 88, mafani awiri aja akulira ngati chigayo cha dizilo, kenako khadi imayamba kudzibweza yokha liwiro kuti isapse, zija amati throttling, ndiye chithunzi chimangodukaduka, munthu ukuthawa apolisi koma ukusuntha ngati uli pa mzere wa ku banki kumapeto kwa mwezi.

Ndipo musamayese ndinathamangira zopusa. Ndinayamba ndi zanzeru. Ndinakweza mafani mpaka 100%, achimwene anadzagogoda kufunsa ngati ndagula jenereta osawauza. Ndinachotsa chitseko cha m'mbali cha kesi, bokosi la kompyuta lija. Ndinabwereka fani ya pabalaza nkuilozetsa mkati, iyo inangotola mpweya wotentha wa m'chipinda nkukaupereka kwa khadi, ngati kupatsa munthu waludzu phala lamoto. Inatsika madigiri atatu. Atatu okha amwene.

Tsono alamu anga amagulitsa mafirizesi pa geti la sukulu ya pulayimale chakumtunda kwathu. Loweruka limenelo anali atapita ku chinkhoswe ku Zingwangwa, firiji atadzadza thoo ndi katundu wa Lolemba. Ine ndinangotsegula kuti ndimwe madzi, kamphepo kozizira kaja kanandimenya kumaso, ndipo Satana analankhula momveka bwino, m'Chichewa.

Ndinatenga 12. Kubwereka, osati kuba, pulani inali yoti pakatha ola limodzi ndibwezeretse, aumenso, palibe adziwe. Ndinayala jumbo pamwamba pa chitsulo cha kumsana kwa khadi, nkusanja bwinobwino ngati nsomba pa benchi mu msika wa Limbe, ofiira mbali iyi a malambe mbali iyo, otsala ndinawaunjika kutsogolo kwa fani ya pabalaza ija kuti mphepo izidutsa pa iwowo isanalowe mu kesi.

Anthu inu, nambala inayamba kutsika. 88, 84, 79, mpaka 74. Ichi ndi chimene onse ondiseka akudumpha dala akamafotokoza nkhaniyi. Zinagwira. Kwa mphindi ngati 20 ine ndinali injiniya, gemu ikuyenda myaa, mafani atatsitsa mawu, ndinadzimva kukoma mpaka ndinajambula chithunzi nkuponya pa gulu la WhatsApp nkulemba kuti "liquid cooling ya ku Chilomoni, ophunzira bwerani". Chithunzi chomwe mukutumiziranacho ndi chimenecho, ndinajambula ndekha, ndi manja angawa.

Zomwe sindinaganize ndi ziwiri. Choyamba, chinthu chozizira chikakhala mu mpweya wofunda chimachita thukuta, ngati botolo la Fanta lochokera mu firiji, ndiye jumbo yanga ija inali itayamba kale kusunga kadziwe mwakachetechete. Chachiwiri, firizesi ikasungunuka imasiya kukhala mwala, imakhala chinthu choterera chokhala ndi mchira, pomwe alamu amamanga mfundo paja. Ndipo pamwamba penipeni pa khadi pali fani ya purosesa, yopanda chotchinga chilichonse, ikuzungulira liwiro loti mapiko ake sukuwaona.

Ndinamva kaye ka "trrr". Ndinawerama kuti ndisuzumire. Ndikubwereza, ndinawerama, nkhope yanga ndinaipereka ndekha pa khomo la kesi yotsegula ija.

Firizesi yofiira inali itatsetsereka, mchira unalowa mu fani, fani inang'amba pulasitiki, ndiye zinangoti fwaaa. Simunaonepo chinthu chokongola chonchija. Madzi ofiira anatuluka mozungulira ngati sipurinkila ya pa kapinga wa ku Namiwawa, mzere umodzi woongoka kuyambira pansi, kukwera khoma, kudutsa pa kalendala, kufika ku malata, kutsikira mbali inayo pa malaya anga oyera a kwaya omwe ndinali nditasita kale kukonzekera mawa lake, ndipo pakati pa mzere umenewo panali ine, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Fani ya pabalaza nayo osafuna kutsalira, ikutenga timadontho totsala nkumatibwezera mkati, kuti pasakhale waya ngakhale mmodzi wodandaula kuti sanalawe. Ndipo gemu inali ikuyendabe. Ndikunena zoona, kwa masekondi angapo sikirini inali bhobho, nambala ili pa 73, yotsikitsitsa tsiku lonse, ine diso limodzi lotseka ndi shuga, linalo likuyang'ana 73 ija monyadira. Ndinanyambita milomo. Inali ya sitiroberi. Kenako sikirini inachita mizere yobiriwira, ndiye nzeru zinabwerera, ndinadumpha nkuzula pulagi kukhoma.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Alamu abwerako msanga ku chinkhoswe, ati zinachedwa kuyamba mutu unawapweteka. Anangoona munthu wagwada pansi, kumaso kuli psuu, khoma lofiira, waya m'manja, ndiye anakuwa mayoooo alamu agwidwa ndi magetsi, mawu oti anamveka mpaka ku Nthukwa. Anthu anakhamukira. Amayi a nyumba yoyandikana anabwera ndi chitenje chomangira bala, mnyamata wina anali wayitana kale kabaza yopita nane ku chipatala, agogo ena anayamba pemphero pakhomo. Ine ndikuti ndili bwino ndili bwino, palibe akumva, mpaka kamwana ka achimwene ka zaka 5 kanalowa pakati pa miyendo ya anthu, kanagwira khoma ndi chala, kananyambita, nkunena mokweza kuti "amama, ndi firizesi".

Kunangoti zii. Alamu anasiya kulira pakati pa mawu. Anayang'ana mu kesi, anayang'ana mulu uja pa fani, ndipo ndinawaona milomo ikuyenda, akuwerenga.

"Alamu, 12?"

Ndinati ndimafuna kubweza. Anati mubweza ndithu.

Kutacha ndinapeza nyerere. Sindikunena nyerere khumi ayi, ndikunena mzere wochokera ku mpanda, kudutsa pansi pa chitseko, kukwera mwendo wa tebulo, kulowa mu kesi mwadongosolo ngati anthu opita ku msonkhano wa chitsitsimutso. Mnzanga wina anati ndiike khadi mu mpunga, ngati kuti mpunga umachotsa shuga. Lolemba ndinakulunga kompyuta yonse m'chitenje nkukwera nayo minibasi mpaka kwa wokonza makompyuta ku Limbe, kondakitala anafuna kundilipiritsa mpando wachiwiri, ndipo mayi amene ndinakhala naye pafupi ankangodzikanda mwendo nkumandiyang'ana.

Mkulu wokonza uja sanaseke poyamba, ndimamulemekeza pa chimenecho. Anafunsa ngati ndinayatsanso itanyowa, ndinati ayi, anati ndiye mwina muli ndi mwayi bwana, chifukwa chimapha zinthuzi ndi kuyatsa zisanaume, komanso shuga akauma amamata nkumakoka chinyezi. Anatsuka bolodi ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi, pang'onopang'ono. Kenako anamasula khadi, anachotsa mafani, ndipo pakati pa mafani ndi tizitsulo topyapyala ta heatsink anasolola chinthu. Ndinayesa sokosi. Linali fumbi, lolukana ngati bulangete, lokhuthala ngati chala, fumbi la ku Chilomoni losakanikirana ndi la kwa eni ake oyamba kaya ndi dziko liti. Mphepo sinkadutsa nkomwe. Thermal paste ya pa chip, phala lija amapaka kuti kutentha kuzidutsa kupita ku heatsink, nayo inali itauma gwaa ngati nkhoko za m'poto wa nsima, anachita kupala. Apa mpamene anaseka, anaitana ndi mnzake wa shopu ina kuti adzaone, kenako ine ndinalakwitsa nkuwaonetsa chithunzi chija.

Anapaka paste yatsopano, kadontho kochepa ngati nsawawa, anabwezeretsa zonse. Khadi inayaka. Pano pa GTA yomweyo, m'chipinda chomwecho, masana, imakhala cha m'ma 72 popanda firizesi ngakhale imodzi. Anandiuza kuti ndizipemerera fumbi pakapita miyezi ingapo, kesi ndiichotse pansi pa simenti ndiiike patebulo, komanso isagunde khoma kuti mpweya wotentha uzituluka kumbuyo.

Komabe onani bwinobwino, 74 ya mafirizesi ndi 72 ya katswiri, kusiyana madigiri awiri okha, ndipo ine ndinalibe sukurudiraiva. Palibe amene akufuna kukambapo zimenezo.

RAM imodzi, memory ya kompyuta ija, inafa, ndatsala ndi 8GB. Fani ya purosesa imalira ngati njinga yopanda girisi. Malaya a kwaya pano ndi a pinki mbali imodzi, ndimaima mzere wakumbuyo. Alamu anawerengera 12 aja pa mtengo wa pa geti la sukulu osati wa pikulitsa, anawonjezera jumbo, ndipo firiji pano ili ndi loko, kiyi amayenda naye pa chitenje. Ana a mu laini mwathu akumandiitana ankolo a firizesi. Nyerere zimabwerabe mwa apo ndi apo kudzaona ngati pali china chatsopano.