Burashi ya waya pa chiliza

Nkhaniyi yandikhalira pamtima kuyambira masana. Kumanda a katchalitchi ka Baptist kakumudzi, a dikoni anali kalikiliki kukwecha chiliza chakale ndi burashi ya waya, pambali pali chidebe cha madzi a bulitchi. Ndinati, "Pepani a dikoni, zilembozo zikutha." Iwo anangoti, "Nanga abale akabwera apeze ndere zokhazokha?"

Cholinga chawo n'chabwino ndithu. Koma mwala wofewa ngati wa laimu sufuna zimenezo. Waya amapala pamwamba penipeni pomwe pali zilembo. Bulitchi amalowa m'timabowo ta mwala, akauma amasiya mchere umene umayamba kufumbula mwalawo kuchokera mkati. Zofunika ndi madzi oyera ambiri, burashi yofewa ya nayiloni ndi kamtengo kopalira ndere. Nyowetsani mwala wonse kaye, tsukani kuyambira pansi kupita m'mwamba kuti madzi akuda asasiye mizere, kenako tsukuluzani. Mukagogoda pang'ono n'kumveka ngati mkati muli mphako, kapena mukaona ukusuwa, musaukhudze. Wosweka musaumate ndi simenti. Simenti ndi yolimba kuposa mwalawo, imatsekera chinyezi, ndipo mng'alu wina umabadwa pambali pake. Zilembo zofufutika zimawerengeka ndi kalilole: walitsani dzuwa chopingasa pamwalapo, mithunzi idzatulutsa dzina.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti kwa Abaptist manda ndiwo amasunga zambiri. Kuyambira pa mpingo wawo woyamba, umene John Smyth anayambitsa ku Amsterdam mu 1609, iwo amabatiza munthu amene wavomereza yekha chikhulupiriro, osati khanda. Ndiye tsiku la ubatizo m'buku silikuuzani chaka chobadwa. Wina anamizidwa ali ndi zaka 14, wina 60. Mwana amene anamwalira ali wamng'ono sapezeka n'komwe m'kaundula wa mamembala. Dzina lake lili pamwala pokha, ngati mwalawo ulipo. Komanso mpingo uliwonse umadzilamulira wokha, palibe bishopu amene amasonkhanitsa mabuku. Maminitsi a misonkhano, makalata a amene anasamuka, mayina a ochotsedwa ndi obwezeredwa, zonse zimakhala kwa mlembi wa mpingo, kunyumba kwake, komwe chiswe, mbewa ndi denga lodontha zimafika.

Nyumba yopemphereramo imagwetsedwa, imamangidwanso, nthawi zina pamalo ena. Manda sasuntha. N'chifukwa chake chiliza chakale kwambiri chikhoza kuposa msinkhu wa tchalitchi chimene chaima lero, n'kusonyeza pomwe mpingo unayambira.

A dikoni aja ndinawachondereranso za miyala wamba yopanda zilembo, imene otchetcha udzu amaiunjika pakona kuti isawasokoneze. Imeneyo ndi zizindikiro za manda! Mukaichotsa, chotsala ndi malo otitimira pang'ono ondandalikana m'mizere, ndipo amangooneka udzu ukakhala waufupi. Asanasunthe kalikonse, akoke chingwe kuchokera pangodya ya mpanda, ayeze mtunda wa manda aliwonse ndi tepi, apereke nambala, ajambule chithunzi, alembe mawu monga alili pamwala, ngakhale olakwika kalembedwe. Mapu a mandawo akhale awiri, m'nyumba zosiyana.

A dikoni anamvetsera, anati nkhaniyi akaitula ku msonkhano wa mpingo. Nditafunsa za buku loyamba la maminitsi, anakanda kumutu. Akuti linali kwa mlembi wakale, ndipo ana ake anasamuka kalekale. Amene ali ndi nambala yawo ya foni anali asanabwere.