Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Pa mkeka wa Mami ku Mylapore

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa maliro a bambo anga, maliro amene ndinawamvera pa foni ndili m'chipinda cha lendi ku Chennai m'dziko la India, abale akuika thupi kwathu ku Dedza. Unali mwezi wa Epulo 2015. Ndalama ya ndege panalibe, mayeso anali pafupi, ndipo amalume anati, "Khala konko umalize sukulu, mwanawe, ife tiika." Ndinamvera. Koma kuyambira tsiku limenelo tulo tinandithawa.

Mwezi wa Meyi ku Chennai kumatentha moti mwana wa ku Dedza amasowa pothawira. Ndinkagona pansi pa fani, maso ali gwa kudenga, mutu ukupera zomwezomwezo ngati chigayo chopanda chimanga: bwanji sindinawaimbire Lamlungu lija, bwanji sindinakongole ndalama n'kupita. Mayi eni nyumba ataona kuti ndikubweza mbale chakudya chili momwemo, ananditengera kwa akulu awo ku Mylapore, dera la mumzinda momwemo, pafupi ndi kachisi wa Kapaleeshwarar. Anangoti amaphunzitsa yoga.

Ine ndinkadziwa yoga ya pa zithunzi, ya anthu opinda miyendo pakhosi. Ndinavala kabudula wa masewera. Ndinapeza mayi wachikulire, tsitsi lonse imvi, atakhala pa mkeka ndi ophunzira asanu, aliyense manja ali pa maondo. Onse ankawatcha Mami, inenso ndinatero. Iwo ankanditcha thambi, kutanthauza mng'ono m'Chitamil. Sanandifunse za bambo. Anatchula mzere umodzi, ife n'kubwereza kawiri. Anatchula wina, ife kawiri. Ola lonse linatha choncho.

Zimene tinkatchulazo ndi Yoga Sutra ya Patanjali, timizere 195 ta Chisanskrit (ena amawerenga 196) togawidwa m'magawo anayi, tolembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Timizereto n'tatifupi dala kuti munthu atisunge pamtima. Mami ankatsata kaphunzitsidwe ka T. Krishnamacharya, amene anamwalira mu 1989 atakwanitsa zaka 100, yemwe mwana wake T.K.V. Desikachar anatsegula Krishnamacharya Yoga Mandiram mumzinda momwemo mu 1976. Kale kuimba mawu a Veda, malemba opatulika akale a Ahindu, kunali kwa amuna okhaokha a mabanja ena. Krishnamacharya anaphunzitsanso akazi, ndipo Mami ankaitchula nkhaniyi mwaulemu waukulu.

Tsiku lachitatu anandiimitsa. Anati nditchulenso ndekha mawu akuti phala. Ndinatchula. Anatembenukira kwa mtsikana wa ku Germany amene anali pambali panga nati, "Wamva? Mpweya watuluka." Chisanskrit chimasiyanitsa pa ndi pha, ta ndi tha, ka ndi kha, monga mmene ife timasiyanitsira pala ndi phala. Zimene anzanga ankavutika nazo kwa miyezi, ine ndinayamwira. Nditawauza kuti kwathu phala ndi lomwe timamwa m'mawa, anandiuza kuti kwa iwo phala ndi chipatso, kapena zotsatira za zimene munthu wachita. Aka kanali koyamba kumva kuti chilankhulo changa chandipatsa kanthu m'dziko la eni.

Chimodzimodzi kukweza ndi kutsitsa mawu. Mapemphero a Veda amene tinkatsegulira nawo amaimbidwa pa masitepe atatu, ndipo Mami ankawasonyeza ndi dzanja: pansi, pakati, pamwamba. Munthu amene amamva kusiyana kwa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pa msika sasochera pamenepo.

Pamene Chichewa chinandigwetsa ndi pa l ndi r. Kwa ife ndi liwu limodzi. Nirodha ndinkati nilodha. Vritti ndinkalithira mavawelo n'kukhala viriti, chifukwa lilime lathu silikonda makonsonanti ounjikana. Choipitsitsa chinali kukoka. Tikamati madzi kapena nyumba timakoka liwu lotsatana ndi lomaliza osadziwa n'komwe, ndipo chizolowezichi ndinapita nacho ku mawu akuti asanam: ndinkakoka sa pamene wokokedwa ndi a woyambayo. Mami ankagogoda pansi ndi chala, kamodzi pa lalifupi, kawiri pa lalitali. Panali zinthu zisanu ndi chimodzi zimene sankalola kuti ziphonyeke, zochokera mu Taittiriya Upanishad, limodzi mwa malemba a Veda: liwu lenilenilo, kukwera kwake, kutalika kwake, mphamvu yake, kuyenda mofanana, ndi kulumikizana kwa mawu. Ukaphonya chimodzi, mzere wonse unkayambiranso.

Patatha masabata atatu ndinafunsa tanthauzo. Ndinali mwana wa sukulu ya makompyuta, wozolowera kumvetsa kaye. Anati, "Pakamwa payambe, thambi. Mutu ubwera pambuyo." Zinandiwawa. Lero ndikuona kuti akanandipatsa tanthauzo tsiku loyamba, ndikanalitengera kuchipinda n'kukalipera usiku pamodzi ndi zinazo.

Chimene ndinazindikira ndekha n'chakuti mu ola limenelo sindinkaganiza za maliro. Malo ake panalibe. Khutu lili kwa Mami, lilime likupindikira kumwamba kwa kamwa, mpweya ukuyezedwa kuti ufike kumapeto kwa mzere. Mwezi wa Julaye ndi pamene anamasulira mzere wachiwiri, umene ndinali nditautchula kambirimbiri: yogash chitta vritti nirodhah. Yoga ndiko kukhazikika kwa kuwinduka kwa maganizo. Ndinakhala duu, chifukwa chinthucho ndinali nditachilawa kale ndisanadziwe dzina lake.

Kuchokera pamenepo matanthauzo anayamba kubwera pang'onopang'ono. Ndinadabwa kuti m'timizere tonseto, totchula kakhalidwe ka thupi n'titatu tokha, ndipo koyambako kamangoti munthu akhale mokhazikika ndi momasuka. Mwezi wa Juni chaka chomwecho dziko linali litachita tsiku la yoga loyamba, pa 21, ndipo pa TV panali makamu a anthu pa timikeka. Mami sananyoze. Anangoti imeneyo ndi nthambi imodzi mwa nthambi zisanu ndi zitatu za yoga. Mzere wa 14 wa gawo loyamba ankaukonda kwambiri, wonena kuti chizolowezi chimazika mizu chikachitidwa nthawi yaitali, mosadukiza, ndiponso mochilemekeza.

Koma wanga unali wa 16 m'gawo lachiwiri, umene anandiphunzitsa tisanafikeko: heyam duhkham anagatam. Mavuto oyenera kupewa ndi amene sanafike. Mami anati zimene zapita sizili m'manja mwa munthu, zimene zikuchitika akuzisenza kale, ndiye ntchito ili pa zamawa. Tsiku limenelo ndi pamene ndinawauza za bambo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti amayi ndimawaimbira kangati. Ndinali nditatha mwezi wathunthu ndikuzemba foni yawo chifukwa cha manyazi.

Ndinawaimbira usiku womwewo. Titalira, ndinawafotokozera kumene ndimapita m'mawa uliwonse. Anakhala chete, kenako anati, "Kodi walowa chipembedzo cha amwenye?" Funsolo linali loyenera, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Ndinakulira mu CCAP, ndinaloweza katekisima m'kalasi mpaka kulandiridwa. M'timizere ta Patanjali muli Ishvara (kutanthauza Ambuye), muli Om (liwu lopatulika loimira iyeyo), muli chiphunzitso chakuti zochita za munthu zimamubweretsa m'moyo wina. Zobadwanso sindizikhulupirira, ndipo ndinawauza Mami maso ndi maso. Sanakhumudwe. Anati tchalitchi cha San Thome chili pafupi pomwepo, ndizipita kukapemphera kwa Mulungu wa bambo anga, ndipo mzere uliwonse umene mtima wanga ukukana ndingoumvetsera. Ndinachitadi choncho: pa mapemphero ena ndinkatseka pakamwa. Amayi ndinawauza kuti, "Sindinasiye, amayi. Ndikuphunzira kukhazika mtima pansi kuti ndizitha kupemphera." Anati, "Chabwino, koma Baibulo lisachite fumbi." Mpaka lero sanakhutire kwenikweni, ndipo ndimawamvetsa.

Kenako kunabwera mvula. Pa 1 Disembala 2015 inagwa usana ndi usiku, mtsinje wa Adyar unasefukira, bwalo la ndege linatsekedwa. Nyumba yathu inali kufupi ndi mtsinjewo. Madzi atalowa m'chipinda chapansi tinathawira pamwamba, anthu asanu ndi anayi m'zipinda ziwiri, magetsi kulibe, netiweki kulibe. Kope langa la timizere, momwe ndinkalemba mizere yosonyeza pokweza ndi potsitsa, linatsalira pansi.

Usiku wachiwiri kamwana ka eni nyumba kankalira osatonthola, ndipo chigayo chija chinayambanso m'mutu mwanga: amayi amva pa wailesi, aganiza kuti ndafa, aika mwamuna ndi mwana chaka chimodzi. Ndinatsamira khoma n'kuyamba chapansipansi mzere woyamba, atha yoganushasanam. Gawo loyamba lili ndi timizere 51. Ndinakakamira pa wa 30, wotchula zopinga zisanu ndi zinayi, poti mawu ake ndi aatali ngati sitima. Mayi eni nyumba, amene ndinkaganiza kuti ali m'tulo, anaumalizitsa mumdimamo. Anali ataumva kwa akulu awo kwa zaka zambiri. Tinapitiriza awiri mpaka pa 51, kamwanako kali phee pamiyendo pawo.

Netiweki itabwerera ndinapeza mauthenga a amayi ndi amalume atadzaza foni. Kope ndinalipeza m'matope, masamba atamatana. Sabata yotsatira ndinapita ku Mylapore chimanjamanja n'kuwauza Mami kuti kope lapita. Anandilozera malo anga pa mkeka, nakweza dzanja, n'kuyamba gawo lachiwiri.